Marozi Owaula Kunsi

Chikwatiranireni, Cyprian anali asanabweretserepo mkazi wake Madalo ngakhale duwa la dzungu. Ndiye Lachinayi lija, atatsika panjinga yake yamoto ndi marozi ofiira m'manja, akuti akuchokera ku Chipata komwe anagona, Madalo sanakondwe. Galu wamkota sakandira pachabe.

"Ndagula pamsika ku Chipata, amake Pemphero," anatero Cyprian, maso ali patayala.

Madalo anatenga lezala kuti adule mapesi mopendeketsa asanawaike m'botolo, koma anapeza ntchito itagwiridwa kale. Masamba am'munsi anali atathotholedwa, minga itachotsedwa, ndipo kunsi kwa phesi lililonse kunali bii, kowaula pamakala.

Luso lowaulalo linali lake Madalo. Analitola ali mtsikana, akugwira ntchito kunyumba kwa manejala wa esiteti ya fodya, ndipo anaphunzitsa munthu mmodzi yekha: Veronika, mnzake wokongoletsa naye guwa kutchalitchi kwa Kamwendo. Veronikayo anadzala marozi kuseri kwa nyumba yake. Madalo anamuuza kuti: dula dzuwa lisanatuluke, waula nthawi yomweyo, thira kashuga m'madzi.

Madalo anaika maroziwo m'botolo patebulo. Ankangosintha madzi m'mawa uliwonse, uku akupemphera kuti afote msanga. Duwa la pamsika, lotopa ndi dzuwa ndi fumbi la pamsewu, silichedwa kugwetsa mutu, ndipo likadatero banja lake likadakhala lili bwino. Koma mwano wake marozi amenewa! Sabata inatha ali chiimire, akununkhira nyumba yonse. Madalo anadana nawo kwambiri.

Kenaka Veronika anabwera kudzatenga nsalu ya paguwa. Asanakhale n'komwe, maso ake anathamangira patebulo.

"Ii, akadali moyo? Mumatha, anzanga. Chiwadulireni Lachinayi lija!"

"Ndani wakuuzani za Lachinayi?"

Veronika anakonzakonza duku lake lomwe linali bwinobwino.

"Munadula nthawi yanji?" anafunsanso Madalo, mofatsa ngati akufunsa za kwaya.

"Paja munati dzuwa lisanatu..."

Veronika anagwira pakamwa. Dzuwa lisanatuluke Lachinayi, Cyprian anayenera kukhala ali m'tulo ku Chipata.

Madalo anazula marozi m'botolo, madzi akuchucha, n'kuwaika m'manja mwa mnzakeyo.

"Tengani zanu. Kusunga maluwa ndinakuphunzitsani ndine. Madzulo ano ndikutumizirani ndi amene anawabweretsayo, tione ngati naye atha sabata asanafote."