Kamera ya Mabatire Awiri

"Musaigwire ngati mbatata yootcha, aphunzitsi. Siluma."

Violet anandilanda kamerayo, naipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuibwezera pakauntala pafupi ndi inzake. M'shopu mwake, kuseri kwa msika wa pa Phalombe Boma, munali nsapato, mawigi ndi mafoni, zonse zooda ku Joni. Makamera anali awiri okha. Munali mu Ogasiti 2007, patatha miyezi khumi ndi umodzi chimwalirireni mkazi wanga Zelifa.

"Yakudayi ndiye kamera," anatero. "Mamegapikiseli asanu ndi awiri. Munthu ali paphiri la Michesi mumamukoka mpaka kumuwerenga mano. Koma imafuna kutchaja pamagetsi."

"Nanga yoyerayi?"

"Ya ophunzira kumene imeneyo. Sikoka patali. Imayendera mabatire awiri ang'onoang'ono, omwewa a m'wotchi yapakhoma. Koma ndikuuzirenitu, kudya kwake ngati nkhumba."

Ndinafunsa funso lomwe ndinabwerera. "Zithunzi zake zimapsa?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Zipsa bwanji mulibe filimu, bambo inu? Mukadina apa, chithunzi chikuonekera pompo pakagalasika. Chikaipa mufufuta, mujambulanso."

Sindinamufotokozere chifukwa chake. Pa Khirisimasi ina kumudzi kunafika wojambula wapanjinga. Zelifa anavala diresi lake lobiriwira n'kuima pansi pa mtengo wa mango, mwana wathu Eveles ali m'manja. Patatha masabata atatu munthu uja anadzatiuza kuti filimu inapsa, adzatijambulanso. Sanabwerenso, ifenso sitinamulondole. Zelifa atamwalira ndinakhuthula masutikesi onse. Ndinangopeza chiphaso chake chovotera, chimene chinanyowapo ndi mvula. Pakachithunzi kake panatsala mpango ndi khutu limodzi.

"Ndiye mutenga iti?"

M'thumba mwanga munkakwana yoyerayo basi, ndipo kumene ndinkapita kunalibe magetsi. Ndinali mkamwini m'mudzi mwa Zelifa. Loweruka la sabata lomwelo akuchikazi anali oti andisudzule, ine n'kubwerera kwathu ku Chingale, kumene ndinali nditapezeredwa malo pasukulu ina. Mwana anali wotsala ndi eni mbumba.

"Yoyerayo."

Violet anaika kadi yosungira zithunzi m'kati, nandiponyera mabatire ena anayi. "Basera. Musamayende ndi nkhope ya chiphaso choncho, aphunzitsi, mudzaopseza anthu owajambulawo."

Loweruka tinakhala pabwalo la nyumba imene ndinaumba ndekha njerwa zake. Analankhula ndi alamu anga a Richard, mchimwene wake wa Zelifa.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, munamudwazika bwino. Lero takumasulani. Nyumba ndi munda ndi za mwanayu. Mukafuna kudzamuona, njira mukuidziwa."

"Zikomo," ndinatero.

Ndinkayembekeza kuti ndimva kanthu mumtima. Ndinangomva kuti mpando umene anandipatsa unali ndi mwendo umodzi waufupi.

Anthu atabalalika ndinatulutsa kamera m'bokosi. Ndinajambula nyumba, kumaso ndi kuseri. Ndinajambula khola la mbuzi, munda wa nandolo, ndi Michesi amene anaoneka ngati chulu chifukwa kamerayo sinkakoka. Chilichonse ndinkachiyang'ana pakagalasi ndisanasunthe phazi. Kenako ndinaitana Eveles. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Ima pansi pa mangopo. Ayi, sunthira uko. Pamenepo."

Anaima njo, manja m'mbali ngati pa asembule. Ndinadina, ndinayang'ana. Sichinapse. Ndinadinabe kawiri kena.

"Ndione nawo, ababa."

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, mpweya wake ukuchita nthunzi pagalasi.

"Ndiye mupita nazo?"

"Eya. Ndizikakuona kumeneko."

"Nanga ine ndiziona chiyani?"

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikukonzera ana mafunso a mayeso, koma limeneli sindinaliganizirepo. Kotsukitsa zithunzi kunali ku Limbe, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzapondako liti. Kumsewu akabaza awiri anali atamanga kale katundu wanga. Mmodzi analiza belu.

"Alamu," ndinaitana, "tabwerani mudine apa."

A Richard anapukuta manja pathalauza, naigwira kamerayo ndi nsonga za zala. Ndinakaima pamene anaima Eveles. Chithunzi choyamba chinandidula mutu.

"Aa, ndakuphani alamu!"

"Palibe kanthu. Chimafufutika."

"Mwetulirani pang'ono ndiye. Anthu adzati tinakuthamangitsani ndi nkhwangwa."

Chachiwiri chinatuluka chathunthu: munthu wowonda, kolala itapindikira m'kati, maso atatsinzina ndi dzuwa. Sindinapemphe chachitatu.

Ndinanjuta pafupi ndi Eveles n'kumuonetsa monga ndimaonetsera samu pabolodi. "Poyatsa ndi apa. Pozimitsa ndi pomwepa. Kabatani aka usakagwire, kamafufuta. Mabatire akatha, ena ndi awa. Awanso akatha, ukagule pa okala ya Mai Ida, amalume akupatsa ndalama. Usamayatse pafupipafupi, imadya."

"Nanga inu?"

"Ine ndakuona kale."

Ndinamukoleka kachingwe kake padzanja. Sanalire, inenso ayi.

Ndinakwera kabaza bokosi lili pamiyendo. Linali lopepuka, ndipo njinga ikagunda mwala kabuku ka malangizo kankagogoda m'kati. Tikukhota pa chigayo ndinacheuka. A Richard anali atakweza dzanja. Eveles sankayang'ana kumsewu. Anali atakhala pansi pa mango paja, atawerama, dzanja limodzi litatchinga kagalasi kuti dzuwa lisawalirepo.