Mkulu Wake wa Chisankho

Ndiye kuti mtsikanayo anawerengadi, anawerenga timabuku tonse tisanu ndi kamodzi ngati munthu wosaka nsabwe m'msoko wa malaya, apo ayi sakanaona chimene aphunzitsi ndi ana a sukulu akhala akuchidumpha zaka zonsezi — Pemphani anatembenuzanso pa benchi envulopu ya kabuku katsopano kolembedwa ndi mtsikanayo, n'kuona kuti zala zake zadzimbiri zadinda kale pa ngodya. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa. Geti la kasitomala linali chigonere pansi, mbali ina yowotcherera mbali ina ayi, ndipo makina onse a mu Biwi anali duu, kumangomveka nyundo ya wokhoma zidebe kuseri kwa msika. Akanakhalapo magetsi, bwenzi atabisa nkhope m'chigoba chake chowotcherera n'kumayang'ana moto wabuluu mpaka dzuwa kupendeka, bwenzi atamuuza Rozina kuti ntchito inachuluka.

Koma Rozina, mlongo wake, anali ataimba kale kawiri. "Folo koloko, achimwene, kuno kunyumba. Mubwere mutawerenga."

Nkhaniyo inkamveka yosavuta Rozina akamaifotokoza. Bambo awo, malemu Gilford Kafumbata, omwe ankaphunzitsa pulayimale ku Kawale, analemba timabuku ta kamnyamata kotchedwa Chisankho, timabuku tomwe aliyense wa msinkhu wa Pemphani anatigwirapo titang'ambika chikuto. Tsopano akampani yosindikiza mabuku akufuna kuti Chisankho apitirire, apeza mphunzitsi wachitsikana dzina lake Thandie amene walemba kachisanu ndi chiwiri, dzina la bambo likhala pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, la iye pansi m'ting'onoting'ono, chatsala n'chakuti amayi, Rozina ndi Pemphani asayine basi. Ana a masiku ano akuwerenga za chipale chofewa ndi zimbalangondo, anatero Rozina, ena sakuwerenga n'komwe, nanga Chisankho afe chifukwa choti bambo anafa? Pemphani anali nalo yankho, sabata yonse wakhala akulisula m'mutu: wakufa salemba. Ankakumbukira jekete la bambo, lofiirira lija, lomwe pogawa zovala za malemu linagwera abambo aang'ono, ndipo Lamulungu lotsatira analiona likuyenda patsogolo pake polowa m'tchalitchi, mapewa omwewo, chigamba chomwecho pa chigongono, koma mutu wa munthu wina — amayi anatuluka nyimbo yoyamba isanathe. N'zomwezo akufuna akampaniwa, kuti jekete liziyenda. Yankholo linali lolimba mpaka lero m'mawa pamene anasowa chochita, n'kutsegula envulopu, n'kufika pa tsamba lachisanu ndi chinayi.

Anakiya shedi, n'kuuyamba wapansi kulowera ku depoti, envulopu ili m'khwapa, dzuwa la Okutobala likumuwotcha pa dazi. Mwayi. Mtsikanayo wamubweza Mwayi. M'timabuku titatu toyamba Chisankho anali ndi mkulu wake, Mwayi, wopanga magalimoto a mawaya, womubereka powoloka ngalande, womukalipira kenako n'kumugawira nzimbe mbali yotsekemera, ndipo panalibe munthu wa ku Kawale amene sanadziwe kuti Chisankho ndi Anock, mwana wachiwiri wa aphunzitsi, ndipo Mwayi ndi Pemphani — anzake a mu Sitandade 7 mpaka ankamuitana choncho, iye n'kumakwiya pamaso koma mumtima akunyada. Kenako kunabwera Loweruka lija la mu Januwale, iye ali ndi zaka khumi ndi zitatu, Anock zisanu ndi zinayi. Amayi anati umuyang'anire mng'ono wako. Anzake ankapita kukaonera mpira, Anock akutsatira m'mbuyo kabudula akumugwa, anzakewo anayamba kuseka kuti Mwayi wabwera ndi mwana wake, ndiye iye anatola chibuma — chibuma chabe, osati mwala, zaka zonsezi wakhala akudziuza kuti sunali mwala, ngati kuti kuli woweruza wina amene adzasiyanitse — n'kumugenda pa msongolo. "Bwerera, iwe!" Anock sanalire. Anaima, anayang'ana dothi pa mwendo wake, n'kutembenuka, koma sanalowere njira ya kunyumba, analowera kumunsi, ku maenje a oumba njerwa omwe mvula inali itawadzaza. Ndipo Pemphani anaona. Ichi ndiye sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake, ngakhale Mulungu mwatchutchutchu: anaona kumene mwanayo walowera, anaganiza zomuthamangira, mwendo unanyamukadi, koma kutsogolo kunalira wezulo.

Anock anamuvuula m'dzenje madzulo ake, atamira. Pofunsidwa, Pemphani anati ndinamusiya pakhomo, ndipo bambo anamuyang'ana, anamuyang'ana kanthawi, osafunsanso.

Ku depoti anakwera minibasi ya ku 25, anapanikizidwa pakati pa zenera losatseguka ndi mayi wina wonyamula dengu la mabilinganya, ndipo podutsa pa mlatho sanayang'ane pansi, ngakhale ankadziwa kuti mwezi uno mtsinje wa Lilongwe sungamize ndi nkhuku yomwe. Bambo sanamumenyepo. Akanamumenya, akanamutukwana kamodzi kokha, bwenzi pali bala loti munthu n'kulitsuka. Koma iwo anapitiriza kumugulira yunifolomu, atalephera mayeso anamupititsa okha kwa mmisiri wowotcherera, pa ukwati wake analankhula mawu abwino mpaka anthu kuwomba m'manja. Kungoti patatha chaka ndi theka, kabuku kachinayi katatuluka, anakaika pa tebulo pomwe iye ankadyera, osanena kanthu, ndipo iye anakatenga n'kukakawerengera kuseri kwa khitchini, akufufuza dzina limodzi tsamba ndi tsamba. Munalibe. Sanalembe kuti Mwayi wapita kumudzi, kapena kusukulu yogonera konko, kapena kuti wamwalira — akanalemba kuti wamwalira, bwenzi ali ndi manda — anangomusiya osabadwa. Pa chithunzi cha chipinda chogona, pomwe kale panali mphasa ziwiri, panali imodzi. Kachisanu chimodzimodzi, kachisanu ndi chimodzi chimodzimodzi: Anock, amene anamira, ankathamangabe, kutaya zinthu, kuseka, zaka zisanu ndi zinayi mpaka kalekale, pomwe amene anatsala ndi moyo ndiye anafufutidwa.

Anazindikira kuti watulutsanso mapepala aja pamene mayi wa mabilinganya anasuzumira pa miyendo pake.

"Aa, Chisankho yemwe uja?" Mayiyo anaseka, n'kukweza mawu ngati mwana wa Sitandade 3: "Chisankho, Chisankho, nsapato ina ili kuti?"

"Yadyedwa ndi ngalande!" anayankha bambo wina wa mpando wakumbuyo, ndipo theka la minibasi linafa nacho chiseko, ndi kondakita yemwe.

Nsapato imeneyo Pemphani ankaidziwa, inali ya pulasitiki, ya kumanzere, ndi iyeyo amene anaisaka ndi ndodo mpaka mdima osaipeza, ndipo mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwa Anock weniweni amayi atanyamula kale chikoti. Tsopano ali m'kamwa mwa anthu osawadziwa, anthu a imvi, akuseka nawo pa msewu wa Chilambula ngati ndi awo. Mwina ndi awodi. Mwina Rozina akunena zoona, kuti mwanayu anachoka kalekale m'nyumba mwawo, ndi wa aliyense amene anakhalapo pa fumbi la m'kalasi, ndipo iye, wowotcherera mageti wa ku Biwi, ndi ndani kuti aziimirira pakhomo n'kumati asatuluke — iye, amene tsiku limodzi lokha lomwe anapatsidwa kuti amuyang'anire analephera.

"Akulembanso?" anafunsa mayiyo.

"Kaya," anatero Pemphani, n'kuvundikira mapepala ndi chikhatho.

Koma wamuuza ndani mtsikanayo? Rozina anali ndi zaka zinayi, sakumbukira n'maliro omwe. Amayi sanatchulepo za tsikulo. Kapena akampani anafufuza kwa anthu akale a ku Kawale, n'kuona kuti apa pali misozi yogulitsa mabuku? Ndipo pansi pa kukayika konseko panali china, chomwe ankachita nacho manyazi, chomwe chinamudzutsa pa benchi paja: sutikesi ya mapepala a bambo inakhala zaka pansi pa bedi la amayi, Rozina anaipereka kwa akampani kuti aione, ndiye bwanji ngati m'menemo munali tsamba, limodzi lokha, la zilembo zopendekera zija, pomwe bambo, atakalamba, shuga itawafooketsa, anakhala pansi n'kumubweza Mwayi okha? Mawu a pa tsamba lachisanu ndi chinayi anali atawaloweza kale. Chisankho anamva likhweru kuseri kwa mpanda, likhweru lomwe ankalidziwa. "Unali kuti nthawi yonseyi?" "Ndinachedwa," anatero Mwayi, "koma ndabwera." Ziganizo zifupizifupi choncho ndi mmene ankalembera bambo. Mwana wa dzana sangazitulutse m'mutu mwake.

Anatsika pa Nsungwi folo itadutsa kale. Kunyumba kwa Rozina, komwe amayi ankakhala chiwayambireni ng'ala m'maso, anapeza onse ali pabalaza: amayi pa mkeka pansi, chifukwa sofa amati imawapweteka msana, Rozina ataima pa khomo la kukhitchini, ndi mtsikana wochepa thupi wa magalasi, amene anatsika pa mpando n'kugwada pomupatsa moni. Pa tebulo panali pepala la mizere itatu, umodzi wosayinidwa kale, cholembera chili pambali.

Sanadikire kuti madzi akumwa afike. "Za Mwayi zija," anatero, "munazipeza m'mapepala a bambo?"

"Ayi, abambo," anayankha Thandie. "M'mapepalamo munalibe za iye. Ndinangomusowa ine, ndili mwana. Ndinkafunsa aphunzitsi kuti anapita kuti, osandiyankha."

Ananena akumwetulira, poganiza kuti wayamikiridwa. Pemphani anagwedeza mutu, anakhala pansi, ndipo anamva chinthu chikuzizira m'chifuwa pang'onopang'ono ngati chitsulo chochotsedwa pa moto, chofiira kenako chotuwa. Ndiye kuti palibe tsamba. Bambo anapita nawo m'manda mawu awo omaliza, mphasa imodzi ija, ndipo mwana uyu, amene sanabadwe n'komwe pomwe ankavuula Anock, wangotola pakamwa pa munthu wakufa n'kuikapo chikhululuko chifukwa choti anasowa wina m'kabuku — wapatsidwa ndi ndani mphamvu imeneyo? Kabukuka kakasindikizidwa masauzande, ana a ku Chinsapo ndi ku Mgona adzawerenga dzina la Kafumbata pamwamba n'kukhulupirira kuti Kafumbata anamubweza Mwayi, ndipo lidzakhala bodza, bodza lokoma, ndipo choipitsitsa n'chakuti iye akulifuna, akulifuna ngati madzi, munthu wa zaka makumi asanu. Akasayina, waba chimene bambo anam'mana dala. Akakana, Mwayi afufutidwa kachiwiri, ulendo uno ndi dzanja lake lomwe, ndipo Rozina adzafunsa chifukwa, ndipo chifukwacho chili ku maenje a njerwa.

"Ine sindinadinde chala," anatero amayi, nkhope italoza ku khoma. "Ndimve kaye. Werenga ndiwe, Pemphani."

"Awerenge mwini wake, amayi."

"Ndati iwe."

Anayamba. Tsamba loyamba analiwerenga mokhadzula ngati mwana wokakamizidwa, koma pofika lachitatu mawu anali atapeza njira yawo, akutsika pomwe bambo ankatsika, akupuma pomwe bambo ankapuma, ndipo anaona Rozina akusiya kupukuta kapu n'kumuyang'ana modabwa. Sanali kuyeserera, pakhosi pake pomwepo ndi pomwe panakalamba ngati pa bambo. Chisankho wa mtsikanayu anali yemwe uja, wopupuluma, woiwala zomwe wamutuma, kungoti tsopano akuthamangitsa njinga za kabaza ndipo amayi ake ali ndi foni. Ndipo ankaseketsa, Pemphani anadana nazo kuti ankaseketsadi. Lachisanu ndi chiwiri. Lachisanu ndi chitatu. Chala chake chinatuluka thukuta pa ngodya ya pepala, anaganiza zodumpha, amayi saona, sakanadziwa — koma Thandie anali pomwepo, milomo ikutsatira mawu ake chamumtima. Anawerenga za likhweru. Anawerenga funso la Chisankho. Yankho la Mwayi linatuluka m'mawu a bambo, m'kamwa mwa iye, m'chiganizo cha mlendo, ndipo sanadziwe kuti mwa atatuwo walankhula ndani.

Panja wogulitsa makala anadutsa akuitanira.

"Abambo ako sakanalemba zimenezo," anatero amayi.

Ananena mosakweza, mosakwiya, ngati akunena za mvula ya chaka chatha, ndipo Pemphani anafufuza nkhope yawo kuti aone ngati akudziwa, ngati akhala akudziwa kuyambira Loweruka lija, ngati bambo anawauza usiku wina kuti mwana wathuyu wanama — koma maso otuwawo sanamubwezere kanthu. Thandie anali atazyolika.

"Pitiriza," anatero amayi.

Anatsitsa maso kuti apeze pomwe analekezera, zilembo zikusambira, ndipo cha kumbali kwa pepalalo anaona dzanja la amayi litanyamuka pa mkeka. Silinkafuna iye, silinkafuna kapu ya madzi. Linaima m'malere pambali pawo, pa msinkhu wa mwana wokhala pansi, chikhatho chitaphimba mutu womwe panalibe, zala zikusisita pang'onopang'ono, kudikira kuti nkhani ipitirire.