Diso Lokana Kuchoka

Bambo anga akakana chinthu, ngakhale muitane wansembe ndi wapolisi pamodzi, mungotaya malovu. Chaka chimenecho anakana opaleshoni ya mtima chifukwa cha kaulusi.

Kanali kaulusi ka Malichi, kofiira ndi koyera, kamene tonse timamanga pamkono mweziwo ukangoyamba, osakamasula mpaka utaona dokowe woyamba atabwerera, kenako n'kukamangirira pa mtengo wa zipatso. Dokotala wa kuchipatala cha mumzinda wa Pleven, kumene anawagoneka, anawauza kuti Lachisanu m'mawa alowa m'chipinda cha opaleshoni opanda kanthu pamkono. Bambo anati ndiye adikire dokowe. Dokotala anaseka poyesa nthabwala, koma ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa amene anapota kaulusiko. Anali amayi, milungu yochepa asanatisiye mu Januwale. Tinakapeza m'kabati, ndipo bambo anakamanga okha ndi mano.

Dokotala ananditengera pakhonde n'kundiuza mosabisa kuti akaphonya Lachisanu, malo ena apezeka mu Meyi, ndipo mtimawo sangaulonjeze kuti ufika Meyi.

"Ababa, dokoweyo akangofika ndimujambula ndikutumizirani," ndinatero.

"Chithunzi? Mudzandionetsa cha chaka chatha inu, ndimakudziwani. Ndimuone ndekha akutera."

Ine ndimayang'anira mabuku m'holo ya mudzi wathu, ndipo chisa cha adokowe chili pamwamba penipeni pa chumuni ya holoyo. Kamera yoyang'ana chisacho inalipo kale, koma kompyuta imene inkatumiza zithunzi zake pa intaneti inali itafa kalekale. Nditafotokozera mchimwene wanga wamkulu, Lachezar, anadumpha ngati wapondedwa chala. Lolemba masana anatulukira ndi laputopu yatsopano m'katoni, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Iwe Tsveta, taona. Yotchipa, komanso yabwera ndi mapulogalamu ambirimbiri aulere. Wogulitsa uja wati sitifunika kuikamo chilichonse."

"Nanga tinawapempha mapulogalamuwo, achimwene?"

"Chaulere sapempha, amangolandira. Vuto lako umawerenga mabuku ambiri."

Tinaiyatsa. Inatipatsa moni, inatiyamikira poisankha, kenako inayamba kutsatsa malonda. Masewera a makhadi, pulogalamu ya nyengo ya mizinda imene sitinafikeko, ina yoopseza kuti tili pangozi tikapanda kulipira. Zonsezo ndinazichotsa chimodzichimodzi, zinachoka mwaulemu. Titalumikiza kamera, chisa chinaoneka pasikirini, mulu wa timitengo wopanda mwini, mpheta zikulowa ndi kutuluka m'munsi mwake. Ndinaimbira bambo, namwino wina dzina lake Desislava anawatsegulira pafoni yawo, ndipo ndinawamva akupuma mokhutira. Ine ndi Lachezar tinagwirana manja ngati tapambana mpikisano, n'kutuluka kukamwa khofi.

Khofi asanazizire foni inalira.

"Mwandizimitsira chisa," anatero bambo. "Kuli bii."

Tinathamanga. Titangoima patsogolo pa laputopu, inadzuka yokha, chisa n'kubwerera. Titachoka, inagonanso. Pakona ya sikirini panali kachizindikiro ka diso. Diso limenelo ntchito yake inali kuyang'ana ngati pali munthu patsogolo pake, ndipo likaona kuti palibe, linkagoneka kompyuta yonse, ati kuteteza zinsinsi zathu. Zinsinsi zanji? Chisa chimene mudzi wonse umachiona ukamapita kogula buledi?

Batani loti lisiye khalidweli linalipo, koma linali lotuwa, losadinika. Ndinapsa mtima, ndinalichotsa Diso lonselo, laputopu inapempha kuti izime n'kuyakanso, ndinailola. Itayaka, Diso kunalibe. Ndinavina pang'ono pakati pa mashelefu, sindibisa. Posakhalitsa linaphethiranso pakona pomwe paja ngati silinachokepo.

Lachezar analichotsa iyenso, modina mwamphamvu, poganiza kuti ine ndinadina mwaulesi. Linabwerera. Anakatenga chithunzi cha gulu lathu lovina chimene chimapachikidwa pakhoma, anthu khumi ndi awiri onse akumwetulira, n'kuchiimika patsogolo pake. Diso silinapusitsike. Linkafuna munthu wopuma.

Basi mudzi unayamba kulonderana. Ukaika nkhani ya dokowe ndi ya bambo anga pamodzi, kwathu palibe amene angakane. Tinaika mpando patsogolo pa laputopu, anthu n'kumasinthana kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Mayi Gergina, oyandikana nafe nyumba, anabwera ndi zoluka zawo ndi thireyi ya banitsa yotentha, chitumbuwa chathu chophika mu uvuni, tchizi chikuchucha. Koma akangowerama kuwerenga maso a sokosi imene ankaluka, sikirini inkayamba kuda.

"Kukhala ndi zaka zanga zonsezi, lero ndikuyang'anitsitsidwa ndi makina," anadandaula. "Malemu amuna anga sanandiyang'anepo chonchi."

"Mwina lakukondani, mayi," anatero Lachezar pakamwa pali banitsa.

"Iwe, likadakhala ndi penshoni ndikanaganizirapo."

Lachiwiri linadutsa choncho, mwaphokoso ndi mwachisangalalo. Holo imene masiku onse imakhala ine ndekha ndi mbaula inadzaza. Ena ankabetcha za tsiku lofika dokowe, ena ankangobwera kudzaona makina ofuna kuyang'anidwa. Koma Lachitatu masana bambo wina wokalamba amene anali pampando anasinza, chipewa chitagwera kumaso, ndipo chisa chinada nthawi yaitali. Desislava anandiimbira monong'ona kuti bambo ayamba kufunsa nsapato zawo, ati akwera basi akadzionere okha. Usiku umenewo ndinagona ndi mantha, ndipo ndinalota Diso lili ndi miyendo.

Lachinayi m'mawa zinthu ziwiri zinafika nthawi imodzi. Msuweni wa Mayi Gergina wa kumudzi wa kum'mwera anaimba kuti adokowe adutsa kwawo, akulunjika kuno kumtsinje. Ndipo pasikirini panatuluka uthenga waulemu woti kompyuta izima yokha masana ano kuti iike zinthu zatsopano, zitenga maola angapo, tisaizimitse. Batani lokana kunalibe.

"Yatha basi," anatero Lachezar, atagwira mutu. "Ndikamubwezera wogulitsa uja pamphumi."

Ine ndinayang'anitsitsa uthengawo. Sunachokere kwa Diso. Unachokera ku kachizindikiro kena ka pamwamba pake, kanyumba kobiriwira, kamene masiku onsewa ndinkakadutsa chifukwa kanalembedwa kuti ndi kosamalira kompyuta. Ndinakatsegula. M'kati mwake munali mndandanda wa zimene kanachita, ndipo nthawi iliyonse tikachotsa Diso, kanyumbako kankaona kuti chinthu chofunika chasowa, n'kukachitenganso pa intaneti.

"Achimwene, takhala tikusenga kapinga," ndinatero. "Muzu ndi uwu. Mayi wake wa Diso."

"Mayi wake? Ameneyo ndi apongozi. Chilichonse ukachotsa m'nyumba amachibwezera pomwe chinali."

"Tiyambe kuchotsa apongoziwo. Koma tizule kaye chingwe cha intaneti, apo ayi aitana achibale."

Lachezar anasiya kuseka. Kuzula chingwe kunatanthauza kuti kwa bambo kuda, pa tsiku lomwe dokowe ali m'njira. Kusiya kunatanthauza kuti kuda masana onse. Tinayang'anana. Ndinaimbira bambo ndekha, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ababa, ndizimitsa pang'ono. Musakhudze nsapato."

"Pang'ono pake ndi potani?"

"Ngati kuwiritsa dzira."

"Lolimba kapena lofewa?"

"Lolimba."

"Akatera ine osaona, udziwe kuti mawa sindilowa," anatero, ndipo sanali kuopseza. "Usadule foni."

Ndinaika foni patebulo ili chitsegukire. Mayi Gergina tinawatuma panja kuti aziyang'ana kumwamba. Lachezar anagwira chingwe, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kuchizula.

Apongozi sanachoke msanga. Anafunsa ngati tikutsimikiza. Ndinati eya. Anachenjeza kuti kompyuta yathu ikhala yopanda woisamalira. Ndinati palibe kanthu. Anafunsa chifukwa chimene tikuwachotsera, ndi malo oti tilembemo maganizo athu, ndipo Lachezar anandikankha pang'ono n'kulembamo mawu amene sindingawabwereze m'holo ya mabuku. Kenako kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Kanafika pakati n'kuima.

"Tsveta!" anakuwa Mayi Gergina ali panja. "Kuli kanthu pamwamba pa mitengo ya kumtsinje."

"Khwangwala ameneyo, mayi."

"Khwangwala wa miyendo yaitali unamuona kuti?"

Lachezar ankathamanga pakati pa zenera ndi tebulo, akunyengerera kamzereko ngati galimoto yokana kulira, ati tiye mwanawe, tiye, ndikugulira chikwama chachikopa. Kanadumpha, kanafika kumapeto, kanyumba kobiriwira kanasowa. Ndinalumphira pa Diso. Ulendo uno linachoka mosatsutsa, ngati mwana amene mayi ake apita. Ndinafufuza m'malo mmene mumakhala zinthu zoyamba zokha kompyuta ikayaka, ndinapezamo katsalira kena ka apongozi katabisala ndi dzina lina, ndinakazimitsanso. Kenako ndinailamula kuti izime n'kuyakanso.

"Akuzungulira tchalitchi," anafuula Mayi Gergina. "Ndi mmodzi. Akutsika."

"Dzira lapsa kale ilo," anatero bambo pafoni.

"Likusendedwa, ababa."

Sikirini inali bii, timadontho tikuzungulira pakati pake. Anthu anali atadzaza pakhomo, ena m'kati, ena kunja, makosi ali m'mwamba. Sindinayambe ndadanapo ndi timadontho ngati tsiku limenelo. Laputopu itayaka, Lachezar analowetsa chingwe, anaphonya kamodzi, kachiwiri chinalowa. Ndinatsegula kamera. Chisa chinaoneka, chopanda kanthu, mpheta zokha zikuthawa.

"Aliyense achoke patsogolo pake," ndinalamula. "Tione ngati igona."

Tinapanikizana kukhoma tonse, tikusuzumira chammbali. Mpando unatsala wokha. Sikirini sinade. Pakona panalibe Diso.

"Ababa, mukuona?"

"Ndikuona timitengo."

Pomwepo pamwamba pa chithunzi panatsika miyendo iwiri yofiira, yaitali, yolendewera, kenako mapiko akuda kumapeto anaphimba sikirini yonse. Dokowe anatera, anapepesuka pang'ono, anapinda mapiko. Anayang'ana chisa chake ngati munthu woyendera nyumba atabwera ku ulendo, anasuntha kamtengo kamodzi, kenako anapinda khosi chagada mpaka mutu kugunda msana n'kuyamba kugogoda mlomo. Phokosolo tinalimva kawiri, kudenga ndi mu laputopu.

Kunja kunabuka nthungululu ndi kuwomba m'manja. Lachezar anandinyamula n'kundizungulitsa mpaka ndinagwetsa mabuku a ana. Wina anatulutsa botolo la rakiya, kachasu wathu wa zipatso, m'thumba la jekete ngati ankayenda nalo kudikira tsikuli. Mayi Gergina anali atayamba kale kumasula kaulusi kawo. Ine ndinatola foni.

Ndinaiika kukhutu.

"Ababa?"

"Ndamuona," anatero. Mawu awo anali aang'ono. "Wafika yekha."

"Wamkazi amabwera pambuyo, mukudziwa. Ameneyu watsogola kudzakonza nyumba."

"Ndikudziwa. Kwathu kunatsogola wamkazi." Anakhosomola. Kenako ndinawamva akulankhula ndi namwino. "Mwana wanga, bwera kuno. Ayi, lumo ika uko. Umasule bwinobwino, mfundo yake ili kunsi."

Ndinalira pamaso pa mudzi wonse, ndipo sindinachite manyazi.

Madzulo ake tinapita ku Pleven pagalimoto ya Lachezar, iye njira yonse akufotokoza mmene anazulira chingwe, ngati kuti ine kunalibe. Tinawapeza bambo atakhala tsonga pabedi, atameta ndevu, pepala lovomereza opaleshoni atasaina kale. Foni inali itatsamira kapu ya madzi, dokowe ali chiimire ndi mwendo umodzi. Pamkono pawo panali kamzere koyera pomwe panali ulusi.

"Laputopu yabwino munagula," anauza Lachezar. "Bola mlongo wako anaichotsa matenda."

Kenako anatsegula chikhatho changa n'kuikamo kaulusi kaja, kofunda, koyera kwake kutada ndi masiku.

"Ukakamange pa mtengo wa pichesi, pamene amayi ako ankamanga tawo."

"Panthambi yapamwamba ija?"

"Ayi. Dokotala wati ndikatuluka ndisamakweze mikono mpaka miyezi iwiri. Ukamange pansi, poti ndidzathe kukakhudza."