Amatumba Amaliza

"Sendezani mpando, Amatumba, mnzanuyu aone bwino," anatero kapitawo, akukankhira mtsikana wachilendo pafupi ndi makina.

Dzinali anamupatsa anzake chifukwa chiyambireni maphunziro ankangosoka matumba a mathalauza. Koleji ina inagwirizana ndi fakitale ya zovala kuti ophunzira azikaphunzirira pa makina enieni, ndipo akhama adzalembedwa ntchito. Iye anamva zimenezi ali telala wa pakhonde la sitolo, wosoka diresi lonse yekha. Mtima unamukokera ku makina amagetsi. Malo ake pakhondepo, ndi makina ake opalasa ndi mwendo, anasiyira mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, kuti amusungire.

Khama analidi nalo. Ankafika geti lisanatsegulidwe, ankadya chakudya chamasana ali chiimire, ndipo singano itamuboola chala anangomangapo kansanza kuti magazi asadetse nsalu ya eni ake. Dzulo lake kapitawo anamuuza kuti, "Inu mawa mumaliza." Anafika kunyumba mano onse ali pamtunda, nauza aliyense kuti ntchito yapezeka.

Choncho Amatumba anamuphunzitsa mtsikana uja ndi mtima wonse, poganiza kuti iye akukwezedwa kupita kosoka makolala a malaya. Anamuonetsa kapindidwe ka nsalu, popondera, ngakhale kachinyengo kakuti ulusi usamaduke. Pofika masana mtsikanayo anali akutulutsa matumba owongoka.

"Wagwira msanga," anatero Amatumba monyadira. "Nanga ine mukundiika pati?"

"Inu? Paja ndinati mwamaliza."

"Eya, ndamaliza maphunziro. Tsono ntchito?"

Kapitawo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mayi, kumaliza n'kumaliza. Koleji yatumiza gulu lina, mipando ndi yomweyi. Epuloniyo musiyireni mnzanuyu, satifiketi mukatenge pageti."

"Munati akhama adzalembedwa."

"Adzalembedwa, inde. Kodi ndinati kuno?"

Makina onse anapitiriza kulira. Palibe anadzutsa mutu, poti aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lomaliza likubwera. Amatumba anamasula epuloni. Mtsikana uja anailandira akuyang'ana pansi, n'kuivala ikadali yofunda.

Manyazi anamugwira Amatumba kuposa mkwiyo. Sanapite kunyumba, analunjika kusitolo kuja, akudzilimbitsa mtima kuti khonde sili ngati fakitale, silithamangitsa mwini wake.

Anapeza mlamu wake akupalasa makina, azimayi awiri atakhala pabenchi ndi nsalu zawo pamiyendo. Onsewo anali makasitomala ake akale. Khoma linali litapakidwa penti, ndipo dzina lake panalibenso.

"Alamu, mwaweruka msanga lero," anatero mlamuyo osaimitsa mwendo. "Mabwana amaweruka okha eti?"

"Zakanika, alamu. Ndabwerera pamalo panga."

"Pamalo panu pati? Eni sitolo amadziwa ine. Achimwene anati makinawa ndigwiritse ntchito, poti inu mwapita kwa amagetsi. Si inu munati opalasawa amakutupitsani miyendo?"

Amatumba anatembenukira kwa azimayi aja. Mmodzi mwa iwo Amatumba anamusokerapo diresi la ukwati ndi manja akewa, koma lero mayiyo anali kalikiliki kufunafuna kanthu m'chikwama.

"Kodi kumeneko munaphunzira chiyani?" anafunsa mayi winayo. "Masuti?"

Bodza linamukanika. "Matumba."

"Chaka chonse matumba?"

Kuseka kunayambira pabenchi n'kukafika mpaka m'sitolo. Mlamu uja anapukuta misozi ndi kansalu, kenako anatola thalauza lakale pamulu wa zigamba n'kuliponya pamapazi pa Amatumba.

"Musadandaule, alamu, m'banja sititayana. Ili labooka thumba. Singano yamanja ili m'kachitinimo."

Amatumba anayang'ana satifiketi imene inali m'dzanja lake, nayang'ana thalauzalo. Kunyumba ana ankadikira mayi wolembedwa ntchito. Anayala satifiketiyo pasimenti kuti siketi isade, n'kukhalapo, nayamba kulowetsa ulusi pa singano.