Nkhope Zonse Kukhoma

Kachete, kamtsikana kofatsa ka m'kalasi ya ana aang'ono, anadzikodzera pabenchi Lachinayi m'mawa. Mkodzowo unayenderera mpaka pansapato za Wailesi, mtsikana amene pakamwa pake sipankatsekeka. Wailesi anaulutsa nkhaniyo, ana onse n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Lachisanu Kachete sanaoneke. Kunabwera bambo ake okha, nkhope ili gwa.

"Aphunzitsi, mwana wakana sukulu. Lolemba ndidzamubweretsa komaliza. Akadzalira, basi, ndamuchotsa."

Aphunzitsi zinawapweteka kwambiri, poti Kachete anali atangoyamba kumene kulemba dzina lake osatembenuza zilembo. Mnzawo wa kalasi yoyandikana anawapatsa nzeru yachidule: "Akwapuleni, kapena auzeni kuti Mulungu akuwaona." Koma iwo anali mmodzi wa anthu aja okhulupirira kuti munthu amadziwa chabwino ndi choipa poyesa kumva zimene mnzake akumva, osati poopa chikwapu kapena chilango cha kumwamba. Anawakhazika anawo pansi.

"Ndani pano anakodzapo pogona?"

Zii. Ana makumi atatu, onse osanduka angelo mwadzidzidzi! Aphunzitsi anakweza mkono wawo.

"Ine. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kwa azakhali anga, pabedi la eni ake."

Ana maso tong'o. Kenako timikono tinayamba kukwera, tina mpaka paphewa pokha. Wa Wailesi unali womaliza.

"Nanga zitakuchitikirani, munkafuna anthu atani?"

"Ndinkafuna asandiyang'ane," anatero Wailesi, ndi timawu tochepa timene palibe amene anali atatimvapo.

"Ndiye Lolemba mudzatani? Ine sindikuuzani. Mukaganize nokha."

Aphunzitsi anapita kwawo akudzitama mumtima kuti ntchito aigwira. Anaiwala kuti mwana akamva chinthu amachitenga chonse, ndi mizu yomwe.

Lolemba Kachete anaima pakhomo la kalasi, dzanja lake lili m'dzanja la bambo ake. Nthawi yomweyo ana onse anatembenuka pamodzi, nkhope kukhoma. Wina anadziphimba kumaso ndi kope. Anali atapangana panthawi yopuma Lachisanu lija, ndipo ankachita zimenezi ndi mtima wabwino ndithu.

Koma Kachete anangoona misana makumi atatu. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwake. Bambo ake anayang'ana aphunzitsi, dzanja lawo likukokera kale mwanayo panja. Aphunzitsi anachita mantha. Anafuna kukuwa kuti, "Tembenukani!" koma anadziwa kuti ana otembenuka polamulidwa adzangomuyang'anitsitsa mwanayo ngati chinthu chachilendo. Anadziluma mlomo.

Mwamwayi, Wailesi analibe mphatso yosunga pangano. Anasuzumira pansi pa mkono wake, n'kuona nkhope ya Kachete. Anayang'ana kanthawi ndithu.

"Iii, anzanga, talakwitsa! Akuona ngati tamukwiyira." Anasendera kumapeto kwa benchi, n'kupukuta malowo ndi diresi lake. "Kachete, bwera ukhale apa. Nanenso ndinakodza Lachiwiri. Amayi anayanika matiresi panja, anthu onse odutsa akuona."

Kalasi inaphulika ndi phwete, ndipo amene anaseka koposa onse anali Wailesi mwini wake. Wina kumbuyo anakuwa kuti iye zinamuchitikira m'basi, pamiyendo pa agogo ake. Kachete anayang'ana uku ndi uku, misozi ikadali m'maso. Kenako anasolola dzanja lake pang'onopang'ono, nayenda yekha kukakhala pabenchi paja.

Aphunzitsi akanakhala okha akanalira ndi chimwemwe. Bambo aja anaimabe pakhomo ndi chikwama cha mwana wawo, osadziwa chochita nacho. Potsiriza anachipereka kwa aphunzitsi, n'kukonza kukhosi.

"Ndidzamutenge nthawi yanji?"