Ng'ombe za Petronela

A Onesimo, telala wa pamsika wa Bangwe, sankatha kucheza ndi kasitomala osatchula mwana wawo Petronela, yemwe ankaphunzira za sayansi ku Joni. Tsiku lina mwanayo anatumiza kavidiyo pa foni. Munkaoneka kanthu kobulungira ngati dontho la mafuta, kenako kasingano kagalasi, kochepa kuposa tsitsi, kanasendera pang'onopang'ono n'kukabaya.

"Limenelo ndi dzira la mbewa, bambo, longoyamba kumene kukhala mwana," anatero Petronela atamuimbira. "Ndikulowetsamo timadzi tosintha chibadwa chake. Anzanga ena amalitsegula ndi magetsi ochepa, koma ine dzanja linazolowera singano."

Mawu oti mbewa anawakhala pakhosi a Onesimo. Zaka zonsezo akupalasa mashini, mwana n'kukathera ku mbewa? Choncho anthu atawafunsa za ntchito ya mwanayo ku mapemphero a mphakati, anangoti, "Amakonza ng'ombe zisanabadwe kuti zisamadwale." Anthu anaomba m'manja, ndipo nkhaniyo inayenda.

Petronela atabwera ku tchuthi cha Khirisimasi, pakhomo panafika mlendo wovala jekete la kutchalitchi, fumbi lili mbuu kumapazi. Anali a Marko, mlimi wa ku Ngabu, mlamu wa mayi wina wa mu mphakati muja. Anakhala kumphepete kwa mpando, chipewa chili pabondo.

"Ng'ombe zanga zikungopoloza, mayi," anatero. "Ndamva kuti inu mumazikonza zikadali m'mimba."

Petronela anayang'ana bambo ake. A Onesimo anagwetsa maso, n'kuyamba kutola ulusi umene panalibe pa thalauzi lawo.

"Pepani, bambo," anatero mtsikanayo mofatsa. "Ine ng'ombe sindinaigwirepo. Ntchito yanga ndi ya mbewa za mu labu. Timasintha chibadwa chawo kuti timvetse matenda a anthu."

"Mbewa," anabwereza a Marko, osaseka, osakwiya. Ankangotembenuza chipewa chawo.

Petronela anawafunsa bwinobwino za ng'ombezo, zimapoloza miyezi iti, zimamwa kuti. Kenako anaimbira mnzake wa kusekondale amene ndi dokotala wa ziweto ku Chikwawa, ndipo anagwirizana zoti akaziyeze magazi. Nthawi yonseyi sanawayang'anenso bambo ake.

A Onesimo anaperekeza mlendoyo ku siteji atamunyamulira chikwama. Ankafuna kupepesa, koma ankangoyang'ana kumsewu. Minibasi ya ku Limbe itaima, a Marko anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Muli ndi mwana wabwino, achimwene. Sanandinamize."

Pobwerera, a Onesimo analambalala njira ya kwawo, n'kukatsegula shopu ngakhale linali Lamlungu. Anakhala pamashini osasoka kanthu mpaka dzuwa linapendeka. Atafika kunyumba anapeza Petronela akutsuka makapu panja.

"Tiyi wanu ali mu fulasiki, bambo," anatero ali choweramira beseni.

Anayankha kuti zikomo, nalowa m'nyumba mwakachetechete.