Munda wa Mayi Kasenze

Chaka chimene gule wa kasenze anatchuka, aliyense ku Santhe ankati anaona ndi maso ake mmene zinayambira. Bodza lamkunkhuniza! Padepoti tsiku limenelo panali anthu otopa okhaokha, makuponi ali m'manja, maso ali pachitseko kuopa kuti feteleza angathe iwo asanafike.

Fainala anali mmodzi wa anthuwo. Anali mtengwa wochokera ku Kapelula, ndipo mwamuna wake Amosi anali atamwalira m'chilimwe chomwecho, kumusiyira ana atatu, Thoko ndi ang'ono ake, nyumba yamalata ndi munda wa m'mbali mwa msewu waukulu. Koma kunena zoona, mundawo sunali wake. Unali wa mbumba ya kuchimuna, ndipo iye anali asanasudzulidwe. Tsiku lomusudzula ndi limene akuchimuna akananena ngati atsale nalera ana pomwepo, kapena anyamule zake nabwerera kwawo. Ku Kapelulako malo a mayi ake anali atagawanagawana kale, moti pomutsalira iye panali poyala mphasa basi. Nkhani imene ankagona nayo ndi kudzuka nayo inali imeneyi.

Atafika kutsogolo, anyamata anamusenzetsa thumba. Kaya chinamulowa nchiyani, mwini wake sadziwa mpaka lero. Thumba lili pamutu, anaponda kawiri kutsogolo, nabwerera m'mbuyo, chiuno chili chete, mapewa okha akugwedezeka. Amayi ena analuluta. Wina wa foni yojambula anajambula, Fainala osadziwa, iye nauyamba wa kumudzi.

Kanemayo anayenda kuposa mwini wake. Anayamba m'timashopu toika nyimbo m'mafoni, kenaka Kasungu, kenaka Lilongwe. Kumeneko anakamupeza Prosper Mphepo, woyimba uja wa tsitsi lofiira, amene ankatchuka ndi nyimbo pang'ono koma ndi maukwati kwambiri. Anapeka nyimbo, gule namutcha kasenze. Ha, dziko linapenga! Pa ukwati akwati ankavina atasenza mapilo. Ana asukulu yapamwamba ya ku Mtunthama, amene sanasenzepo ndi ndowa yomwe, ankavina ndi masutikesi pamutu. Pulogalamu ya miseche pawailesi inayamba yanena kuti mayi wa m'kanemayo ndi azakhali a Mphepo. Sabata inayo anasintha, akuti ayi, ndi chibwenzi chake, nchifukwa chake mkazi wake wachitatu wapakira katundu. Fainala, Mphepoyo anali asanamuonepo ngakhale pachithunzi.

Mantha anamugwira. Mayi wamasiye, manda a mwamuna asanamere ndi udzu womwe, kumavina dziko lonse likuona! Anamanga mpango wake wakuda napita kwa a Kalekeni, amalume a malemu Amosi, amene ndiwo anali mwinimbumba. Anawapeza pachigafa akukonza mapaso oyanikapo fodya, nagwada chapatali.

"Apongozi, ndalakwa. Ndinangosangalala ndi feteleza, sindinadziwe kuti akujambula."

A Kalekeni anaseka mpaka kutsokomola.

"Amake Thoko, dzukani. Mukanapanda kuvina Amosi akanadzuka? Taimani, amati amaponda bwanji?"

Anasenza chipewa chawo chomwe naponda kawiri, molakwitsa. Levison, mng'ono wa Amosi, anali pomwepo akusema nsichi, nayenso anafa nalo phwete. Fainala anabwerera kunyumba mtima uli m'malo, nadziuza kuti ngati guleyo sanawapsetse mtima, ndiye kuti choopa palibe.

Nthawi imeneyo makampani awiri a mbewu, Dzalani ndi Kololani, anali pa mphaka ndi galu. Ankalimbirana makuponi a mbewu. A Dzalani akapenta shopu kuno kwa msewu, a Kololani ankapenta ya tsidya, utoto wowala kuposa. Awa akabwera ndi zimkuzamawu ziwiri, awo ankabwera ndi lole yathunthu. A Kololani ankagawa zipewa ndi masikipa, ndipo Levison anali nacho chipewa chawo, chimene ankavula polowa m'tchalitchi pokha. Anali atamulonjeza kuti tsiku lina adzamusandutsa mlimi wachitsanzo, bola akanakhala ndi munda wapamsewu, poti wake unali kudambo kumene kumangopita ng'ombe. A Dzalani atamva kuti kasenze wagwira, anathamangira kulemba Mphepo kuti aziwayimbira. Kenaka wina kuofesi kwawo anafunsa kuti, nanga mayi mwini guleyo ali kuti?

Anatumiza mtsikana wina dzina lake Goodness, wa nsapato zosayenera m'munda ndi mafoni awiri. Anafika pagalimoto mvula yoyamba itangogwa.

"Mayi Kasenze! Ndinu amene eti? Mwatisowetsa mtendere mutauni."

"Dzina langa ndine Fainala, achemwali."

"Eya, eya. Tikupatsani mbewu ya munda wonsewu, ndi feteleza wobereketsa. Inu kwanu nkulima basi, alangizi athu azibwera. Pamsewupo tiikapo chikwangwani cha chithunzi chanu ndi dzina lanu."

Za mbewuzo Fainala anakawauza a Kalekeni, iwo nati dzalani, chimanga ndi chimanga. Za chikwangwani sananene. Sikuti anabisa ayi, anangoona ngati ndi za kampani. Komanso mumtima mwake zinamukomera. Ankaganiza kuti munda ukacha bwino, dzina lake lili pompo pachitsulo, akuchimuna adzaona okha kuti mtengwa uyu ndi wosafunika kumutaya. Apa ndi pamene anaphonya, mayi wanzeru zake, amene anakhala pamudzipo zaka zambirimbiri.

Chikwangwanicho chinabwera chimanga chili m'mawondo. Chinali chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Panali Fainala, thumba pamutu, mano onse pamtunda, ndipo pansi pake panalembedwa zilembo zowerengeka ngakhale uli m'basi: MUNDA WA MAYI FAINALA. Anachizika ndi simenti.

Masiku oyamba zinali zokoma. Maminibasi ankachepetsa liwiro, anthu akutulutsa mafoni pawindo. Ena ankatsika kudzajambulitsa, atasenza zikwama zawo. Chimanga nachonso chinachita kuderatu ndi kubiriwira, chifukwa Fainala ankalawirira m'mundamo ndi khasu, ana ali pambuyo. Koma pabawo pa Santhe nkhani inali ina.

"Levison, tamva kuti munda wa amayi ako wasamukira ku Kapelula."

"Wasamuka bwanji?"

"Kawerenge wekha. Kapena kusukulu unkangopitira phala?"

Mkulu wa a Kololani nayenso anathirapo mchere. Anati nzachisoni kuti munthu wawo weniweni akulima kudambo, pamene munda wa makolo ake ukutsatsa malonda a adani. Levison anakankha njinga yake napita kwa alongo ake, kenaka onse pamodzi anapita kwa a Kalekeni.

Palibe amene anakangana naye Fainala. Anthu a kumeneko sachita zimenezo. Moni yekha ndiye anafupika. Modester, mkazi wa Levison, amene ankasinja naye limodzi, anayamba kukhala ndi zochita zambiri nthawi zonse. Kenaka uthenga unabwera woti mwambo womusudzula, umene onse ankati udzachitika akagulitsa fodya, uchitika Loweruka likudzali. Chimanga chinali chitangomasula ngaiyaye.

Tsikulo kunagwa mvula yamawawa, ndiye anakhala pansi pa chigafa, fodya wosokedwa akulendewera pamitu pawo. Amalume ake a Fainala anabwera panjinga kuchokera ku Kapelula, thalauza itanyowa mpaka m'ntchafu. A Kalekeni anayankhula mofatsa, ndipo anayamba ndi kuyamika. Anati mayiyu anadwazika mwana wawo mpaka tsiku lomaliza, sanatukwanepo munthu, pamaliro ndi paukwati ankakhala woyamba pamoto.

"Ndiye ife sitifuna kumumanga. Akadali mtsikana, ndipo masiku ano ndi wodziwika dziko lonse. Tammasula. Abwerere kwawo, akapeza banja akwatiwe, kwa ife kulibe mangawa. Munda ubwerera kwa eni ake, ausamala ndi Levison. Chimanga chikacha tidzatumiza gawo la ana."

Mwambo sulola kuti Fainala ayankhule amalume ake asanatsegule pakamwa, koma anayankhula.

"Apongozi, ngati ndi chikwangwani chija, ndikachizula lero lomwe. Ndi manja angawa."

"Chisiyeni, amake Thoko, nchaweni. Ndiponso mukazula, amene anawerenga aja mukawafufuta m'maso? Ine pano munda uja ndimati wa malemu mlongo wanga. Ana a mawa adzakhulupirira pakamwa panga kapena chitsulo?"

"Sindinafune kulanda munda, ine."

"Tikudziwa, alamu," anatero Levison, maso ali pansi. "Palibe wanena zimenezo."

Amalume a Fainala anawomba m'manja mwaulemu nathokoza, chifukwa ponena pena panalibe. Pasanathe sabata ngolo inanyamula mbale, mabulangete ndi ana, ndipo podutsa pamsewu onse anaona nkhope ya Fainala ikuseka pamwamba pa chimanga. Iye analira, osabisa, mpaka anadutsa pamsika.

Ku Kapelula anafikira m'khitchini ya mng'ono wake. Kumeneko nako ankamutcha Mayi Kasenze, ndipo ana ankamutsatira kuchitsime akuponda kawiri. Wailesi inali italengeza kale kuti iye ndi Mphepo asiyana, akuti chifukwa cha nsanje. Chimanga chitakhwima, Goodness anamuimbira Fainala pafoni ya mwamuna wa mng'ono wake uja.

"Mayi, Loweruka kuli chionetsero pamunda panu paja. Mphepo akubwera, a kanema akubwera. A Kololani amva kuwawa chaka chino!"

"Achemwali, munda uja si wanganso. Anandisudzula."

"Pepani kwambiri. Koma zimenezo ndi za kumudzi, mayi, ife tasindikiza kale mapepala. Galimoto idzakutengani mmawa."

Akanatha kukana. Koma ankafuna kuchiona chimangacho, chimene anachisiya chisanabereke. Anatumiza mawu kwa Levison opempha chilolezo, ndipo yankho linabwera loti abwere, mlendo sabwezedwa.

Anthu anadzaza mpaka mumsewu. A Kololani nawo anaimika lole yawo tsidya, akugawa zipewa ndi kukweza nyimbo zawo kuti asokoneze. Fainala atatsika sanayang'ane aliyense, analowa kaye m'mizere. Chimangacho chinali chitabereka ziwiriziwiri, zina zitatu, zisononkho zonenepa ngati mkono wa mwana. Anagwira chimodzi, nachisiya. Goodness anamukoka namumangira chitenje cha kampani, kenaka anamusenzetsa thumba. Linali lodzaza ndi udzu, lopepuka moti anachita kuligwirira kuti mphepo ingaliulutse.

Mphepo anafika mochedwa, magalasi akuda ali kumaso. Anali wamfupi kuposa mmene anthu ankaganizira. Anapatsa moni mayi wina wolakwika, Goodness namutembenuza, ndiye anagwira Fainala paphewa ngati anakulira limodzi.

"Santhe muli pompo? Tawombereni m'manja mwini gule! Mwini munda!"

Anthu anawomba. Fainala anaona a Kalekeni atakhala pampando wa alendo olemekezeka, nawonso akuwomba pang'onopang'ono, ndi Levison kumbuyo kwawo, chipewa chake chili pamutu. Nyimbo inayamba. Anaponda kawiri kutsogolo, nabwerera m'mbuyo, mapewa akugwedezeka. A kanema anati abwerezenso chifukwa sanaseke, ndipo anabwereza.

Dzuwa litapendeka zonse zinatha. Mphepo anachoka osatsanzika, matenti anagwetsedwa, ana akutola mabotolo. Fainala anaima pamsewu kudikira galimoto yomubweza. Ali chiimire anamva mapesi akuthyoka m'mundamo, ndipo Modester anatulukira atafukata chimanga chachiwisi m'chitenje. Anali ndi manyazi, koma anachita monga mwini khomo aliyense amachitira, poti mlendo wochokera kutali sabwerera chimanjamanja. Anagwada pang'ono nachipereka.

"Ndakuthyolerani pang'ono, amake Thoko. Mukawotchere ana, alaweko chimanga chathu."

Fainala anatambasula chitenje chake, nalandira ndi manja awiri.

"Zikomo," anatero. "Mwalima chaka chino."